Malibu ya 1970 m'galaji mwanga ku South Bend: chaka choyamba

Seputembala, sabata yachiwiri

Yafika. Tinakaitenga pa thirela Loweruka m'mawa kwa mlimi wina kummwera kwa tauni ino ya South Bend, ku America, komwe yakhala ikugona m'shedi pamodzi ndi zipangizo za kumunda. Matayala atatu anali ataphwa, ndipo limodzi la kumbuyo linakana kuzungulira chifukwa buleki inali itamatirira ku dilamu, moti tinachita kuikoka ndi winchi ikukhwekhwereza pansi. Mayi a kunyumba ataiona ikutsitsidwa anagwira pakamwa, kenako anati, "Bambo, ndiye kuti galimoto yoyendera izigona panja dzinja lonse?" Izigona panja. Tapangana kuti wopala sinowo pagalasi m'mawa uliwonse ndikhala ine.

Ndi Chevrolet Chevelle Malibu ya 1970, ya zitseko ziwiri. Nambala yake ya padashibodi ikuyamba ndi 13637: 1 ndi Chevrolet, 36 ndi Malibu ya injini ya V8, ya masilinda 8, 37 ndi bodi ya zitseko ziwiri yopanda mzati pakati pa mawindo. Kenako pali 0 wa chaka cha 1970, ndi B wosonyeza kuti inalumikizidwa ku Baltimore.

Magalimoto a mtundu uwu kuno amawatcha muscle car. Nzeru yake inali yoti utenge bodi ya galimoto yapakatikati, uikemo injini ya chigalimoto chachikulu, ndipo mtengo wake ukhale woti mnyamata wa kufakitale akwanitse. Ambiri amayambira kuwerenga pa Pontiac GTO ya 1964. Chaka cha 1970 ndiye chinali pachimake, chifukwa General Motors inachotsa lamulo lake loletsa injini zoposa ma cubic inch 400 m'magalimoto apakatikati, ndipo Chevelle SS 454 inatuluka (SS ndi Super Sport, 454 ndi ma cubic inch a injini), ija ya injini yotchedwa LS6 yolembedwa mahosipawa 450. Chaka chotsatira kompuresheni anaitsitsa kuti injini zizimwa petulo wopanda mtovu, inshuwalansi inakwera, ndipo pofika mavuto a mafuta a 1973 nyengo ija inali itatha.

Ine ndinakulira pa galaji ya amalume ku Ndirande, yomwe denga lake linali mtengo. Ntchito yanga inali kutsuka manati m'chitini cha parafini ndi kupereka sipanala. Tinkagona pansi pa ma Peugeot 504, ma Datsun 120Y ndi ma Land Rover. V8 ndinkangoimvera m'nkhani za akuluakulu. Tsopano ili m'galaji mwanga, yofiira mozilala, ikununkha mbewa.

Seputembala, kumapeto

Mtima unkafuna kuika batire tsiku lomwelo. Ndinaimbira amalume pa WhatsApp n'kuwazungulitsa ndi kamera pansi pa boneti. Anati, "Mphwanga, batire iyambe yakhala. Injini yogona zaka umaidzutsa ngati wodwala, pang'onopang'ono."

Ndinachotsa mapulagi onse 8, n'kuthira kaoilo pang'ono m'silinda iliyonse, n'kuisiya sabata yathunthu. Loweruka lotsatira ndinaika soketi ya 5/8 pa bawuti ya kutsogolo kwa kirankishafuti n'kukoka mosamala, chifukwa bawuti imeneyo ikathyokera m'kati ndi ntchito ina. Inayamba yakana, kenako inasuntha ngati chala chimodzi, kenako inazungulira yonse. Injini sinagwirane.

M'chibokosi cha fyuluta ya mpweya munali chisa cha mbewa chodzaza thonje la m'mipando. Ndinachinyowetsa kaye ndisanachichotse, nditavala chophimba kumphuno, poti fumbi la zitosi za mbewa limadwalitsa.

Masipanala anga a 10, 13 ndi 17 pano alibe ntchito. Galimoto yonse ndi ya mainchi: 1/2, 9/16, 5/8. Ndagula seti yakale pa msika wa zinthu zogwiritsidwa kale ntchito.

Nditapukuta kamalo kosalala kutsogolo kwa buloko, mbali ya pasenjala, ndinapeza manambala odindidwa akufanana ndi kumapeto kwa nambala ya padashibodi. Injini iyi ndi yomwe galimoto inabadwa nayo.

Okutobala

Pochotsa mpando wa kumbuyo ndinaona chipepala chachikasu chitapanikizika m'masipuling'i. Kuno amati build sheet, pepala lomwe linkayenda ndi galimoto pamzere wa kufakitale kuuza antchito zoti aikemo. Si galimoto iliyonse yomwe imakhala nalo, ndipo langali mbewa zinadya ngodya imodzi. Ndinalitulutsa ndi manja awiri ngati chikalata cha munda.

Zolembedwa zikuwerengeka. L48 ndi injini ya 350, malita 5.7, ya kabureta ya mabowo anayi, mahosipawa 300. M38 ndi giya bokosi yosintha yokha ya magiya atatu, Turbo Hydra-Matic 350. N40 ndi pawa sitiyaring'i, C08 ndi denga lokutidwa ndi vinyl. Mtundu wake ndi 48, Forest Green, wobiriwira ngati masamba a mkungudza. Kufiira kuja anachita kupaka wina pambuyo pake, pamodzi ndi mizere iwiri yakuda paboneti.

Chimene palibe papepalapo ndi Z25 kapena Z15, zizindikiro za SS 396 ndi SS 454. Apa ndiye pagona nkhani imene yandidyera maganizo mwezi wonse.

Mu 1970 SS sinali galimoto payokha. Inali phukusi lomwe wogula ankawonjezera pa Malibu, moti nambala ya padashibodi singakuuze ngati galimoto ndi SS kapena ayi. Nambala za SS ndi za Malibu wamba ya V8 zonse zimayamba ndi 136. Ndiye aliyense akhoza kugula boneti yotukuka pakati, dashibodi ya mawotchi ozungulira, gilili yakuda ndi timabaji, n'kusandutsa Malibu kukhala SS m'masabata ochepa. Zonsezo zili m'makatalogu. Mnzanga wina wa kuntchito ataona pepalali anandiuza kuti ndilibise, ndiike mabaji, mtengo wa galimoto ukwere.

Sindidana ndi munthu womanga galimoto yake mmene akufunira, bola azinena poyera kuti ndi yofanizira. Chimene ndimadana nacho ndi kukhala chete pamene wogula akuwerenga ndalama. Koma ngakhale popanda zogulitsa, ine sindikufuna. Munthu wina mu 1970 anakhala pansi ndi wogulitsa magalimoto n'kusankha yobiriwira, ya 350, ya pawa sitiyaring'i, mwina chifukwa ndi yomwe thumba lake linalola. Galimoto imeneyo ndi yomwe yapulumuka zaka zoposa 50 ndi injini yake yomwe. Ndiibwezeretsa yobiriwira, dzina la Malibu lili pambali pake.

Mnansi wanga wachikulire, yemwe bambo ake ankagwira ntchito ku Studebaker mpaka fakitale ya muno inatsekedwa mu Disembala 1963, anabwera kudzaliona pepalalo. Analiwerenga nthawi yaitali ndi magalasi ake, kenako anapita kwawo n'kubwera ndi kapulasitiki kolisungiramo. Tsopano lili m'kabati momwe timasunga mapasipoti.

Novembala

Ndinatenga maginito ya pafuriji, n'kuikulunga m'kansalu, n'kuyamba kuiyendetsa pabodi. Pomwe pali chitsulo imagwira. Kumunsi kwa mapiko a kumbuyo, kuseri kwa matayala, inkangogwa pansi. Nditapala ndi gulainda munatuluka fumbi loyera la fila, phala lomatira mabowo pabodi, malo ena wochindikala ngati chala chachikulu, ndipo kuseri kwake kunali kawaya ka sefa kotsekera bowo. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Denga la vinyl nalo linali ndi zake. Limasunga madzi, ndipo madziwo amatsikira m'ngalande ya galasi la kumbuyo, n'kudya chitsulo, n'kudonthera m'buti. Pansi pa buti pali mabowo oti n'kuponyamo ndimu. Pansi pa mapazi a dalaivala ndikuona simenti ya galaji. Kuno m'dzinja amathira mchere m'misewu kuti ayezi asungunuke, ndipo South Bend, pokhala pafupi ndi nyanja ya Michigan, imalandira sinowo wambiri. Mchere umenewo ndi umene umapha magalimoto a kuno. Kumudzi galimoto imafa ndi mabampu, injini ndi masipuling'i n'kutha bodi ikadali yolimba. Kuno bodi imasungunuka injini ikadali yamoyo.

Chonditonthoza ndi shasi. Magalimoto awa bodi imakhala payokha pamwamba pa felemu, ndipo felemuyo ndaigogoda ndi hamala kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, ikulira ngati belu paliponse.

Disembala mpaka pakati pa Januwale

Ndisanayatse moto uliwonse ndinatsitsa thanki. Ndi ya magaloni 20, pafupifupi malita 76, ndipo munali katsalira ka petulo wosanduka ngati vanishi, fungo lake lolowa m'zovala. Ili panja kuseri kwa nyumba. Sindiitsuka, ndigula yatsopano.

Ndasankha kusachotsa bodi pafelemu. Galaji ndi yaing'ono, ndipo ndaona ntchito zambiri zikufera pomwepo: bodi ili uku, felemu ili uko, mabawuti ali m'zitini zopanda dzina, mwini wake watopa. Ndikusintha pansi mbali imodzi nthawi imodzi kuti bodi isapotoke ndipo zitseko zizitsekekabe. Malabala okhalira bodi nawo ndikusintha mbali imodzi, ndikukweza pang'ono ndi jeke ndi thabwa.

Ntchito yambiri si kuwotcherera ayi, ndi kubowola timadontho tomwe a kufakitale analumikizira malata, kamodzikamodzi, osaboola chitsulo cha pansi pake. Usiku wina ndinawerenga kufika 60 n'kusiya kuwerenga. Pansi patsopano ndinagula popindidwa kale, koma sipakhala pokha. Uike, ulembe, uchotse, udule pang'ono, uikenso, mwina kasanu ndi kawiri.

Makina anga owotcherera ndi a mtundu wa MIG, waya wa 0.023, gasi wosakaniza argon 75 ndi carbon dioxide 25. Pachitsulo chopyapyala chonchi sukoka mzere. Umadontheza kadontho apa, n'kudumpha chikhatho chimodzi, kadontho kena, n'kudikira kuzizire, mpaka madontho akumane okha. Ndinkadziwa zimenezi, koma pa phiko la kumanzere, usiku utapita, ndinakoka mzere wautali ngati chala kuti ndimalize msanga. Chitsulo chinatentha n'kufufuma, ndipo m'mawa mwake ndikuyendetsa dzanja ndinamva funde. Ndikanatha kulikwirira ndi fila monga anachitira uja. Ndinadula chigamba chonse n'kuyambiranso, ndipo masabata awiri anapita pamenepo.

Tsiku lina phula lakale la kunsi kwa bodi linagwira moto ine ndili m'chigoba chowotcherera, osaona. Anandiuza ndi fungo. Chozimira moto chinali pafupi ndipo sizinafike patali. Kuyambira pamenepo ndimapala phula lonse kuzungulira malo ndisanayambe, ndipo ndikamaliza ndimakhala m'galaji theka la ola ndisanazimitse magetsi.

Zigamba za ngalande ya galasi la kumbuyo ndapanga ndekha kuchokera ku chitseko chakale cha ku sikilapu, pa vaisi ndi hamala ndi kapaipi. Pamenepa manja anakumbukira Ndirande. Mapanobita a kuja alibe katalogu. Amayang'ana bowo, n'kuyang'ana boneti yakufa ili pambali, n'kudula, n'kusula pa chidutswa cha njanji mpaka chigamba chikhale ngati chinamera pomwepo. Ndili mwana ndinkaona ngati ndi ntchito wamba. Pano, ndikulimbana ndi kangodya kamodzi madzulo atatu, ndikuona kuti anthu aja ndi amisiri enieni.

Kuzizira kukuletsa kupopera pulaimala ya epoxy, chifukwa siuma bwino chitsulo chikazizira kwambiri. Ndikutenthetsa galaji ndi hita masana, kuizimitsa, kenako n'kupaka ndi bulashi malo ang'onoang'ono, chitseko chili chotsekula pang'ono.

Febuluwale

Palibe chachitika. Mashifiti anachuluka, ndipo kumudzi ino ndi miyezi yomwe nkhokwe zimakhala zitapepuka, kuphatikizapo fizi ya ana a achemwali. Ndalama ya mabuleki yapita kumeneko, ndipo ndi koyenera. Ndinalowa m'galaji kawiri, kusesa ndi kulemba mayina pa timatumba ta mabawuti.

Malichi ndi Epulo

Mabuleki asanakhale bwino injini suiliza. Limeneli ndi lamulo la amalume ndipo ndalisunga.

Galimoto inabwera ndi madilamu a mainchi 9.5 matayala onse anayi. Kumbuyo ndasiya madilamu, ndangosintha nsapato, masipuling'i ndi timasilinda. Fumbi la m'katimo ndinalitsuka ndi madzi, osapemerera, chifukwa nsapato zakale zambiri zinali ndi asibesitosi. Kutsogolo ndaika madisiki. Ndinaganizira nthawi yaitali ngati zimenezi sizikutsutsana ndi zomwe ndinanena mu Okutobala. Ndaona kuti ayi. Madisiki a kutsogolo analipo chaka chomwecho kwa wofuna kuwonjezera ndalama, sakunamiza munthu aliyense, ndipo m'galimoto muno mudzakwera mwana wanga pakati pa magalimoto amakono omwe amaima pafupi kwambiri. Zitsulo zakale ndazisunga m'bokosi.

Kuchotsa sipuling'i ya kutsogolo ndi ntchito yomwe ndimaiopa kuposa zonse. Imakhala itapanikizidwa ndi mphamvu yoti ikhoza kuthyola nsagwada. Ndinaigwira ndi chopanira, n'kudutsitsamo tcheni kuzungulira felemu, n'kutsitsa jeke ndili chammbali.

Mapaipi onse a buleki ndasintha. Ndagwiritsa ntchito a nickel ndi kopa, a 3/16 kutsogolo, omwe amapindika ndi manja ndipo mchere suwadya. Kukamwa kwa paipi kumafuna kupindidwa kawiri, ndipo ndinayeserera pa tizidutswa mpaka zinayamba kutuluka zofanana.

Pochotsa mpweya anandithandiza mwana wanga wamkazi. Iye pampando, ine pansi ndi sipanala ndi kabotolo. Timayamba tayala la kutali ndi masita silinda, kumbuyo kumanja, kenako kumbuyo kumanzere, kutsogolo kumanja, kutsogolo kumanzere.

"Ababa, ndaponda!"

"Gwira pomwepo, mwananga, usasiye."

Tinazungulira katatu koma pedulo inali yofewabe ngati siponji. Ndinayamba kukayikira masita silinda yatsopano. Anaona vuto ndi mwanayo atatsika kudzasuzumira: "Bwanji kabawuti ka mbali ino kali pamwamba, koma ka uko kali pansi?" Wogulitsa anali atanditumizira makalipa, zitsulo zopana madisiki, awiri a mbali imodzi. Kalipa ikakhala mbali yolakwika kabawuti kotulutsira mpweya kamakhala kumunsi, ndipo mpweya, womwe umakwera m'mwamba, sutuluka ngakhale mutapopa usiku wonse. Kudikira yolondola kunatenga masiku khumi. Itafika, kuzungulira kamodzi kokha pedulo inalimba.

Meyi

Ndinayeza kompuresheni. Masilinda asanu ndi awiri anali pafupipafupi, koma ya nambala 6 inali pansi kwambiri. Nditathiramo kaoilo n'kuyezanso sinasinthe, kusonyeza kuti vuto si maring'i koma valavu. Mahedi nditachotsa, valavu ya ekizozi ya silinda imeneyo inali yopserera m'mphepete ngati yolumidwa.

Mahedi ndinapereka kwa amisiri a makina kuti aikemo mipando yolimba ya mavalavu. Injini izi zinapangidwira petulo wa mtovu, womwe unkateteza pokhalira valavu, ndipo ku America petulo ameneyo analetsedwa m'magalimoto a pamsewu mu 1996. Makoma a masilinda anali bwino, opanda mzere wogwira chikhadabo, choncho mapisitoni sindinawakhudze.

Nditatsitsa sampu ndinapezamo tizidutswa tachikasu ngati mano a chipeso, tina titatseka sefa ya pampu ya oilo. Giya ya pamwamba ya tcheni cha taiming'i a kufakitale ankaikuta mano ndi nayiloni kuti isamachite phokoso, ndipo ikakalamba manowo amagweramo. Ndikanaika batire tsiku loyamba lija, injini ikanalira mphindi zingapo oilo osafika m'mabering'i. Ndinawatumizira amalume chithunzi cha tizidutswato ndili nato m'dzanja.

Kamu, chitsulo cha zinunda chotsekula mavalavu, nayo inali ndi chinunda chimodzi chodyeka. Ndaika yatsopano ya muyeso wofanana ndi wa kufakitale, ndi malifita atsopano onse 16, tizitsulo tokwera pa zinundazo. Ambiri amaika kamu yaukali kuti injini izigunda modukizadukiza, koma ine ndikufuna kumva mmene L48 inkalirira. Makamu a mtundu uwu amakhuzana ndi malifita chitsulo pa chitsulo, ndipo amafuna oilo wa zinki wambiri, yemwe mu oilo wa magalimoto amakono anachepetsedwa. Mabawuti a mahedi ndamanga pa muyeso wa kulimba wa 65 ft-lb, kuyambira pakati kupita kunja, katatu, nditapaka zomatira m'mazinga ake chifukwa amatulukira m'njira za madzi. Buloko ndaipaka olenji wake wa Chevrolet.

Kabureta ndi Rochester Quadrajet, yomwe anthu ambiri amainyoza n'kuitaya. Ine ndaikonda. Mabowo awiri a kutsogolo ndi aang'ono, oyendera tsiku ndi tsiku mosawononga mafuta, awiri a kumbuyo ndi aakulu, otseguka ukaponda mpaka pansi. Ndinaimasula pa thawulo loyera patebulo la kukhitchini, mayi a kunyumba atandilola usiku umodzi wokha. Malabala onse ndi mapaipi a petulo ndaika olimbana ndi ethanol, poti petulo wambiri kuno amakhala ndi magawo 10 pa 100 a ethanol, yemwe amadya labala lakale.

Mapointi, tizitsulo ta m'disitiribyuta todula ndi kulumikiza magetsi a mapulagi, ndawasiya. Disitiribyuta ya Delco ili ndi kawindo pachipewa chake, ndipo ndi kiyi wa allen wa 1/8 umasintha dwell, nthawi imene mapointi amakhala otsekeka, kufika madigiri 30 injini ikuyenda. Mapointi ndimawamvetsa kuyambira ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri.

Juni, Loweruka lachitatu

M'mawa ndinazungulitsa pampu ya oilo ndi dirilo kudzera pabowo la disitiribyuta mpaka oilo anatulukira pa marokala onse. Kenako thanki yatsopano, petulo watsopano, batire. Galimoto tinaikankhira pakhomo pa galaji, fani yaikulu kutsogolo kwa rediyeta, chozimira moto m'manja mwa mnansi wanga.

Kutembenuza kiyi koyamba kunamveka phuu, lawi n'kutuluka pakabureta. Ndinasiya pomwepo. Disitiribyuta ndinali nditaiika pisitoni ya nambala 1 ili pamwamba, koma pa ulendo wa ekizozi m'malo mwa wa kompuresheni. Ndinachotsa pulagi ya kutsogolo mbali ya dalaivala, n'kutseka bowo ndi chala, mnansi akuzungulitsa injini pang'onopang'ono mpaka mpweya unakankha chalacho. Ndinaizula, n'kuibwezera moyenera, n'kulondolanso mawaya motsata kayendedwe ka wotchi: 1, 8, 4, 3, 6, 5, 7, 2.

Kachiwiri inagwira isanazungulire kawiri.

Kamu yatsopano siifuna kuti injini iyende pang'onopang'ono poyamba, chifukwa oilo amafika pa zinunda zake mochita kuwazika. Ndinaikweza nthawi yomweyo pakati pa maulendo 2,000 ndi 2,500 pa mphindi, kuikweza ndi kuitsitsa pang'ono, kwa mphindi 20. Maso anali pa geji ya oilo ndi ya kutentha. Penti yatsopano inkafuka utsi pa mamanifodi, mawindo a nyumba akunjenjemera, anthu a mumsewu wathu atatuluka pamakonde. Mayi a kunyumba anaima pakhomo la kukhitchini mphindi zonse 20 osasuntha.

Mphindi zitakwana ndinaitsitsa kuti iyende yokha, n'kuimbira amalume. Kuno inali 2 koloko masana, ku Ndirande 8 koloko usiku, magetsi atazima, nkhope yawo ikuoneka ndi kuwala kwa foni kokha. Ndinaika foni pafupi ndi injini. Anakhala chete nthawi yaitali.

"Yadzuka, mphwanga. Ikuyankhula bwino. Koma tayenda nayo foniyo mbali inayo."

Ndinazungulira.

"Pamenepo. Pali kena kakuti tye tye tye. Si valavu ayi. Ikupumira pambali."

Ine sindinkamva kanthu. Injini itazizira ndinayang'ana ndi tochi, ndipo pa manifodi ya ekizozi mbali ya dalaivala, pakati pa silinda 5 ndi 7, panali kamzere ka mwaye. Manifodiyo ndi yopotoka pang'ono, ipita kukasalazidwa.

Oilo woyamba ndakhetsa, fyuluta ndaidula n'kutambasula pepala lake padzuwa, mulibe zitsulo. Galimoto sinayendebe ngakhale mita imodzi ndi mphamvu yake. Giya bokosi ikudontha oilo wofiira pa silo ya kutsogolo, phiko la kumanja likadali ndi fila wa munthu uja, mawaya a magetsi a kumbuyo mbewa zinadya, ndipo bodi ili mawangamawanga, kufiira apa, pulaimala yotuwa apo. Chitini chaching'ono cha Forest Green ndinagula kale, ndapaka m'kati mwa chitseko cha buti mokha kuti ndione mtundu wake padzuwa. Loweruka likubwerali nditsitsa giya bokosi.